Cifukwa Cake Akulu-akulu a Makampani Amabwerera ku Sukulu

Caka ciliconse anthu zikwi zambiri amene ali kale pa maudindo apamwamba m'makampani, m'mabanki ndi m'mabungwe a maiko osiyana-siyana amacoka m'maofesi ao kwa sabata imodzi kapena masabata awiri, nakwera ndeke kupita kukakhala m'kilasi ngati ana a sukulu. Ambiri a iwo ali ndi zaka za pakati pa 35 ndi 45, ali ndi mabanja, ndipo agwira nchito zaka zoposa khumi. Maphunziro amene amatsata amachedwa Executive MBA, ndiko kuti digiri yapamwamba ya kayendetsedwe ka bizinesi yokonzedwera anthu amene anayamba kale kutsogolera anzao pa nchito.

Mtengo wake ndi woopsa. Pa masukulu ena ochuka a ku America, monga Wharton, malipiro a maphunzirowa anapitirira kale madola 200,000, amene ndi mamiliyoni angapo a makwacha. Conco funso limene ambiri amafunsa ndi lakuti, kodi munthu wodziwa kale nchito amakagula ciani ndi ndalama zoculuka tero, ndipo kodi amabwerako ali mtsogoleri wabwino kuposa mmene anapitira? Aphunzitsi a m'masukuluwo eni ake sagwirizana pa yankho lake.

Nkhaniyi ingamveke ngati ya kutali, koma imafika pakhomo. Kucokera pamene migodi ya ZCCM inagulitsidwa, nchito imene inatsirizika mu 2000, zosankha zambiri zokhudza anchito a kumigodi zakhala zikupangidwa ndi akulu-akulu okhala ku Canada, ku India, ku China ndi ku Abu Dhabi. Zimene anthu otere amaphunzitsidwa ponena za phindu, nkhongole ndi anchito zimatha kuonekera m'thumba la munthu wa ku Kitwe kapena ku Solwezi.

Kumene zinayambira

Kwa zaka mazana ambiri malonda sanali kuphunziridwa pa yunivesiti. Mwana anali kuphunzira kwa atate ake m'sitolo, kapena kuyamba ngati kalaliki n'kumakwera pang'ono-pang'ono. Zinthu zinasintha pamene makampani a njanji, a zitsulo ndi a mafuta a ku America anakula kufikira pakuti mwini wake sakanathanso kudziwa wanchito aliyense ndi dzina. Panafunika anthu olembedwa nchito yoyendetsa cuma ca eni ake ena.

Mu 1881 Bambo Joseph Wharton, amene analemera ndi makampani a zitsulo, anapereka madola 100,000 ku Yunivesiti ya Pennsylvania kuti itsegule sukulu ya za cuma ndi malonda. Mu 1900 koleji ya Dartmouth inatsegula sukulu ya Tuck ya anthu amene anali nayo kale digiri yoyamba, ndipo mu 1908 Yunivesiti ya Harvard inayambitsa digiri ya MBA ndi ophunzira 80.

MBA yoyambayo inali ya acinyamata amene anali asanalowe kweni-kweni pa nchito. Ya akulu-akulu inabadwa mu 1943 pa Yunivesiti ya Chicago, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ili mkati. Mafakitale anali kugwira nchito usiku ndi usana, ndipo panalibe kampani imene ikanalola manijala wake kucoka kwa zaka ziwiri. Yunivesitiyo inakonza zakuti anthuwo aziphunzira madzulo akaweruka. Maziko amenewo, akuti munthu aphunzire osasiya nchito yake, ndiwo akalipo mpaka lero.

Ku Ulaya ena mwa masukuluwa anayambitsidwa ndi makampani eni ake. Kampani ya Alcan inatsegula sukulu yake ku Geneva mu 1946, ndipo Nestlé inatsegula ina ku Lausanne mu 1957. Awiriwa anaphatikizana mu 1990 kupanga sukulu ya IMD. Mu 1957 momwemo, caka cimene maiko asanu ndi limodzi anasaina pangano la ku Rome loyambitsa msika umodzi wa ku Ulaya, Bambo Georges Doriot, Mfalansa amene anali mphunzitsi ku Harvard, pamodzi ndi ena amene anawaphunzitsa, anakhazikitsa sukulu ya INSEAD. Ophunzira oyamba analowa mu 1959 ku Fontainebleau, kum'mwera kwa Paris, ndipo anafunika kudziwa Cifalansa, Cingelezi ndi Cijeremani. Colinga cake cinali coonekeratu. Ana a maiko amene anali atangotha kuphana anayenera kuphunzira kucitira malonda pamodzi.

Zimene zimacitika m'kilasi

Munthu akafika pa udindo waukulu amakhala atakwerera pa luso limodzi. Injiniya wa ku mgodi amakwezedwa cifukwa adziwa miyala ndi makina, woyang'anira mabuku a ndalama amakwezedwa cifukwa salakwitsa masamu. Koma tsiku limene apatsidwa kampani yonse, kapena nthambi ya dziko lathunthu, amapeza kuti ayenera kuweruza nkhani zimene sanaziphunzirepo: kukongola ndalama ku banki kapena kugulitsa masheya, mtengo woika pa katundu, mgwirizano ndi bungwe la anchito, malamulo a msonkho a dziko lacilendo. Maphunziro a Executive MBA amayesa kudzaza mipata imeneyi. Muli kawerengedwe ka ndalama, za cuma ca maiko, kutsatsa malonda, kayendedwe ka katundu kucokera ku fakitale kufika kwa wogula, kukambirana mapangano, ndi kukonza njira imene kampani idzatsata m'zaka za kutsogolo.

Cocititsa cidwi kwambiri ndi kaphunzitsidwe kake. M'masukulu ambiri mphunzitsi saima kutsogolo n'kumalankhula yekha. Ophunzira amapatsidwa nkhani yolembedwa ya masamba khumi kapena makumi awiri, yofotokoza kampani yeni-yeni imene inakumana ndi vuto. Nkhaniyo imathera pamene mkulu wa kampaniyo ayenera kusankha cocita, ndipo yankho sililembedwa. Aliyense amaiwerenga usiku, amakambirana m'kagulu ka anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo m'mawa mwake mphunzitsi amaloza munthu mosamucenjeza n'kumufunsa kuti iye akanacita ciani. Akayankha, anzake amamutsutsa, ndipo mkangano umapitirira kwa ola lathunthu ndi mphindi zina.

Njira imeneyi inabwerekedwa ku sukulu ya za malamulo ya Harvard, kumene ophunzira anali kuphunzira mwa kuzenga milandu yakale. Bambo Wallace Donham, amene anali loya ndipo anakhala mkulu wa sukulu ya bizinesi mu 1919, ndiwo anailimbikitsa, ndipo nkhani yoyamba yotere, yonena za kampani ya nsapato ya General Shoe Company, inalembedwa mu 1921. Wophunzira MBA ya zaka ziwiri ku Harvard amawerenga nkhani pafupi-fupi 500, ndipo m'maphunziro ambiri pafupi-fupi theka la mamakisi ake limacokera pa zimene amalankhula m'kilasi.

Wina angaiyerekeze ndi bwalo la kwa mfumu, kumene mlandu umaikidwa pakati ndipo aliyense amaponyapo mau ake mpaka mutu wake uoneke. Kusiyana kwake n'kwakuti pa bwalo eni mlandu amakhala pomwepo, ndipo oweruza adzakumana nao mawa pa citsime. M'kilasi munthu akhoza kucotsa anchito zikwi zitatu ndi pakamwa, belu n'kulira, iye n'kupita kukamwa tiyi. Pa kusiyana kumeneku ndi pamene pagona mkangano waukulu wa maphunzirowa.

Sukulu yoyenda m'ndeke

Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, masukulu anayamba kugwirizana kuti kilasi imodzi iziphunzira m'maiko angapo. Sukulu ya Kellogg ya ku America inagwirizana ndi yunivesiti ya sayansi ya ku Hong Kong mu 1998. Mu 2001 kunayamba maphunziro a TRIUM, ogwirizanitsa sukulu ya Stern ya ku New York, London School of Economics ndi HEC Paris, m'mene ophunzira amakumana m'zigawo zisanu ndi cimodzi pa miyezi pafupi-fupi 18, m'mizinda ya maiko osiyana-siyana. INSEAD inatsegula nthambi ku Singapore mu 2000, niyambitsa Executive MBA yake mu 2003, ndipo pambuyo pake inafikanso ku Abu Dhabi. Pakati pa zigawozo wophunzira amabwerera ku nchito yake, n'kumalemba zimene wapatsidwa usiku ndi pa Ciweru. Mliri wa COVID-19 utaimitsa ndeke mu 2020, makilasi anasamukira pa intaneti, ndipo mbali ina ya maphunziro inatsalira komweko, ngakhale kuti ophunzira ambiri anabwerera msanga ku zokumana pamaso cifukwa ndizo zimene analipirira.

Cifukwa coyendera maiko si kuona malo cabe. Kampani ikhoza kukhala ndi masamu olondola n'kugwa cifukwa cakuti anthu ake samvana. Citsanzo cimene cimaphunzitsidwa kawiri-kawiri ndi ca makampani a magalimoto a Daimler-Benz ya ku Germany ndi Chrysler ya ku America, amene anaphatikizana mu 1998 pa mgwirizano wa madola pafupi-fupi 36 biliyoni. Papepala zonse zinali kuoneka bwino. Koma Ajeremani anazolowera misonkhano yokonzedwa mosamala ndi malipoti aatali, pamene Aamerika anazolowera kusankha msanga n'kukonza zolakwa m'njira, ndipo malipiro a akulu-akulu a mbali ziwirizo anali otalikirana kwambiri. Mu 2007 Daimler inagulitsa mbali yaikulu ya Chrysler pa madola 7.4 biliyoni. Panali zifukwa zinanso za msika, koma kusamvana kwa miyambo ya kagwiridwe ka nchito kunathandiza kugwetsa ukwatiwo.

Pophunzitsa za miyambo, masukulu ambiri amayambira pa kafuku-fuku wa Bambo Geert Hofstede a ku Netherlands, amene pakati pa 1967 ndi 1973 anasonkhanitsa mapepala a mafunso oposa 100,000 oyankhidwa ndi anchito a kampani ya IBM m'maiko ambiri. Iwo anaonetsa kuti m'maiko ena wanchito amatsutsa bwana wake poyera popanda mantha, pamene m'maiko ena kutero ndi mwano, ndipo kukhala cete pa msonkhano sikutanthauza kuvomera. Mfundo imeneyi munthu wa kuno safunika kuuzidwa, koma manijala wocokera ku Amsterdam amene wafunsa kuti alipo wotsutsa, naona onse ali duu, akhoza kucoka pa msonkhano akuganiza kuti nkhani yatha pamene siinayambe n'komwe. Komabe kafuku-fukuyu ali ndi malire ake. Zambia anaiika m'gulu limodzi ndi Ethiopia, Kenya ndi Tanzania, ngati kuti maiko anai onsewa ali ndi mwambo umodzi, cinthu cimene wamalonda aliyense wodutsa pa Nakonde angacikane.

Palinso cina cimene masukulu sacilemba pa ndandanda ya maphunziro koma onse acidziwa. Munthu amene wakhala miyezi 18 ndi anzake makumi asanu ocokera m'maiko makumi awiri kapena atatu amacoka ndi manambala a foni a anthu amene angamutsegulire khomo ku Dubai, ku São Paulo kapena ku Shanghai. Ambiri amene anatsiriza maphunzirowa amanena kuti anaphunzira zambiri kwa anzao kuposa kwa aphunzitsi, ndipo mbali ina ya mtengo uja ndi ya ubwenzi umenewu.

Mau a otsutsa

Wotsutsa wamkulu wa MBA ndi mphunzitsi wa bizinesi iye mwini, Pulofesa Henry Mintzberg wa pa Yunivesiti ya McGill ku Montreal, m'dziko la Canada. Pamene anali kucita maphunziro ake a udokotala ku MIT m'zaka za m'ma 1960, anacita cinthu cimene ocepa anali atacicitapo. Anakhala pambali pa akulu-akulu asanu a mabungwe, aliyense sabata yathunthu, n'kumalemba ciliconse cimene anali kucita. Mabuku anali kunena kuti manijala amakhala phee n'kumakonza mapulani. Iye anapeza kuti theka la zocita zao silinali kufika mphindi zisanu ndi zinai, kuti anali kudulidwa mau kosalekeza, ndiponso kuti anali kudalira kwambiri zokambirana za pakamwa kuposa malipoti olembedwa. Zotsatira zake zinafalitsidwa mu 1973.

Mu 2004 anatulutsa buku lochedwa Managers Not MBAs, m'mene anatsutsa kuti utsogoleri wa pa nchito sufanana ndi udokotala kapena uinjiniya, umene munthu angauphunzire asanaugwire. Kwa iye utsogoleri umakula mwa kucita, ndipo kuphunzitsa wacinyamata amene sanayang'anirepo munthu ndi mmodzi yemwe kuti aziweruza makampani 500 a papepala kumabala munthu wodzidalira kwambiri koma wosadziwa kulemera kwa zosankha zake. Executive MBA nayo sanaisiye. Anati imatenga anthu oyenera, amene ali ndi cidziwitso ca zaka zambiri, koma n'kuwaphunzitsa monga mmene imaphunzitsira acinyamata aja, ngati kuti zimene adziwa zilibe nchito.

Pofuna umboni, iye ndi mnzake Bambo Joseph Lampel anatenga maina a akulu-akulu a makampani 19 amene buku lina la mu 1990 linawachula monga onyaditsa sukulu ya Harvard, n'kutsatira zimene zinawacitikira mpaka mu 2003. Malinga ndi kuwerenga kwao, khumi analephera moonekeratu, ena mwa kugwetsa kampani, ena mwa kucotsedwa nchito. Anai anali okaikitsa, ndipo asanu okha ndiwo anacita bwino. Anthu 19 ndi ocepa kwambiri kuti munthu aweruzire sukulu yonse, ndipo ukulu wa kampani ndi mpando woterera kwa aliyense, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe. Koma popeza maina aja anasankhidwa ndi wolemba amene anagwira nchito zaka zambiri pa Harvard pomwepo, zotsatirazo zinaluma.

Zocitika za m'zaka zimenezo zinapatsa otsutsa mphamvu. Kampani ya Enron ya ku America inagwa mu December 2001 citadziwika cinyengo ca m'mabuku ake a ndalama, ndipo anchito zikwi zambiri anataya nchito ndi ndalama zao za penshoni. Amene anali mkulu wake, Bambo Jeffrey Skilling, anali ndi MBA ya ku Harvard, ndipo khoti linawapeza ndi mlandu mu 2006. Mu 2005 kunatuluka nkhani ya Pulofesa Sumantra Ghoshal wa ku London Business School, amene anali atamwalira mu 2004, yonena kuti masukulu a bizinesi ali ndi mbali yao pa zoipazi, popeza kwa zaka zambiri anaphunzitsa kuti nchito ya manijala ndi kukweza phindu la eni masheya basi, ndiponso kuti munthu aliyense amangofuna zake zokha. Iye anacenjeza kuti ciphunzitso cotere cikabwerezedwa kwa anthu amene adzalamulira makampani, cimayamba kupanga anthu a mtundu womwewo umene cimafotokoza.

Kenako kunabwera mavuto a zacuma a mu 2008. Banki ya Lehman Brothers inagwa mu September caka cimeneco, ndipo mtengo wa mkuwa, umene mu July unali pafupi ndi madola 9,000 pa tani, unatsika kufika pansi pa madola 3,000 mu December. Mgodi wa ku Luanshya unaima, ndipo mabanja mazana ambiri anatsala opanda malipiro mpaka kampani ya ku China itautenga mu 2009. Amene anayambitsa motowo m'mabanki a ku New York ndi ku London anali pakati pa anthu ophunzira kwambiri za ndalama pa dziko lapansi. Mu 2009 ophunzira ena a ku Harvard analemba lumbiro lolonjeza kugwira nchito mokhulupirika ndi moganizira anthu onse, ndipo oposa theka la kilasi ya caka cimeneco analisaina. Masukulu ambiri anaonjezera maphunziro a makhalidwe abwino ndi a cilengedwe. Lumbirolo lilibe mano, pakuti dokotala kapena loya wolakwa amalandidwa cilolezo, pamene manijala alibe cilolezo coti n'kulandidwa.

Njira ina

Pulofesa Mintzberg sanathere pa kudzudzula. Mu 1996, pamodzi ndi Bambo Jonathan Gosling a pa Yunivesiti ya Lancaster ku England, anayambitsa maphunziro ochedwa IMPM, olandira anthu okhawo amene akuyang'anira kale nchito, ndipo ambiri anali kutumizidwa ndi makampani ao m'magulu a anthu angapo. Pakati pa otumiza anthu m'zaka zoyambirira panali kampani ya ndeke ya Lufthansa, makampani a ku Japan a Matsushita ndi Fujitsu, ndi bungwe la Red Cross.

M'malo mogawa maphunziro monga ndalama, malonda ndi zina zotero, anawagawa monga mwa maganizo asanu amene mtsogoleri amafunika, ciliconse m'dziko lake. Ku Lancaster anali kuphunzira kudzifufuza okha ndi kusinkha-sinkha. Ku Montreal anali kuphunzira kusanthula bungwe ndi masamu ake. Ku Bangalore, m'dziko la India, anali kuphunzira kuona dziko ndi maso a anthu ena, ku Japan kugwira nchito mogwirizana, ndipo ku INSEAD kusintha zinthu. Ena mwa malowa anasintha m'kupita kwa zaka, koma magawo asanuwo anakhala.

Ngakhale mipando inasinthidwa. M'malo mwa mizere yoyang'ana kwa mphunzitsi, ophunzira anali kukhala pa mathebulo ozungulira, ndipo lamulo linali lakuti theka la nthawi likhale lao, lokambirana mmene zimene amva zikukhudzira mavuto a ku nchito kwao. M'mawa uliwonse unali kuyamba ndi mphindi zolemba cete m'kabuku zimene munthu waganizira usiku. Akabwerera kwao anali kulemba nkhani yogwirizanitsa zimene aphunzira ndi zimene akukumana nazo mu ofesi.

Mbali imene ambiri anaikonda inali ya kucezerana. Ophunzira anali kukhala awiri-awiri, ocokera m'maiko ndi m'nchito zosiyana, ndipo aliyense anali kupita kukakhala masiku angapo pa nchito ya mnzake, kumutsata m'misonkhano ndi kuona mmene amalankhulira ndi anthu ake, kenako n'kumuuza zimene waona. Wa ku banki akhoza kupezeka m'fakitale ya ku Osaka, wa m'fakitale n'kupezeka mu ofesi ya bungwe lothandiza othawa nkhondo. Akale anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo munthu amene sadziwa miyambo ya pamalo amafunsa mafunso amene eni malo analeka kale kufunsa.

Maphunziro a mtundu umenewu sanalande msika wa MBA, ndipo cifukwa cake n'cosabisika. Zilembo zitatu zija ndizo zimene olemba anthu nchito amadziwa, ndipo munthu wodzilipirira yekha amafuna pepala limene lidzamveka kulikonse. Koma zambiri zimene anayambitsa zinalowa m'masukulu ena mwakacete-cete. Masiku ano Executive MBA zambiri zimapatsa wophunzira mlangizi wake-wake, zimafunsa anchito ake ndi mabwana ake kuti anene mosabisa mmene amamuonera, ndipo zimafuna kuti nchito yake yotsiriza ikhale yothetsa vuto leni-leni la kampani yake.

Ndani amalipira

Kale kampani ndiyo inali kusankha munthu ndi kumulipirira zonse, monga cizindikiro cakuti akukonzedwera mpando waukulu. Zimenezi zacepa. Kafuku-fuku wa bungwe la Executive MBA Council wa m'zaka zaposacedwa waonetsa kuti oposa theka la ophunzira amadzilipirira okha, ndi ndalama zosunga kapena za nkhongole. Makampani anaona kuti ena amene anawalipirira anali kucoka atangolandira digiri, ndipo amene akalipirabe amasainitsa munthu pangano lakuti adzakhala zaka zakuti-zakuti, apo ayi adzabweza ndalamazo.

Kusinthaku kwasinthanso colinga ca ophunzira. Wodzilipirira yekha kawiri-kawiri amakhala akufuna kusamukira ku kampani ina kapena kuyamba bizinesi yake. Masukulu nao amapikisana pa mindandanda ya manyuzipepala, maka-maka wa Financial Times, umene unayamba kusanja Executive MBA mu 2001. Pa mndandandawo mbali yaikulu ya mapointi imacokera pa malipiro amene ophunzira amalandira patapita zaka zitatu atatsiriza, ndi mmene malipirowo akwerera. Muyeso wotere umakondera sukulu imene imalandira anthu olemera kale a m'mabanki a ku Hong Kong ndi ku New York, ndipo umapondereza imene imaphunzitsa oyang'anira zipatala, mabungwe a boma kapena makampani a m'maiko osauka. Sunena kanthu za mmene anchito a munthuyo amamuonera.

Pali mtengo winanso umene sulembedwa. Munthu wa zaka 40 amene akugwira nchito yolemetsa, naonjezapo maola khumi ndi asanu kapena makumi awiri a kuwerenga pa sabata, amawatenga ku banja lake. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene akazi amakhalira ocepa m'makilasi amenewa, pafupi-fupi mmodzi pa atatu alionse, popeza zaka zimenezi ndizonso zolera ana.

Kuno ku Africa

Pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964 inali ndi nzika pafupi-fupi 100 zokha za digiri ya yunivesiti, ndipo boma litatenga mbali yaikulu ya makampani ndi migodi pambuyo pa zilengezo za ku Mulungushi mu 1968 ndi ku Matero mu 1969, kusowa kwa oyang'anira nchito ophunzira kunali vuto lalikulu. Maiko oyandikana nao anali ndi vuto lomwelo, ndipo mu 1980 maboma a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa anakhazikitsa sukulu ya ESAMI ku Arusha, m'dziko la Tanzania, yophunzitsa akulu-akulu a m'boma ndi a m'makampani. Sukuluyi ili ndi ofesi ku Lusaka, ndipo inayamba kupereka MBA mogwirizana ndi Maastricht School of Management ya ku Netherlands.

Ku South Africa, Yunivesiti ya Pretoria inali pakati pa masukulu oyamba kunja kwa America kuphunzitsa MBA. Sukulu ya bizinesi ya Yunivesiti ya Cape Town, imene Executive MBA yake yakhala ikuoneka pa mndandanda wa Financial Times, ndi ya GIBS ku Johannesburg, yotsegulidwa mu 2000, zimalandira ophunzira ocokera m'maiko ambiri a cigawo cino pa mtengo wocepa kwambiri poyerekeza ndi wa ku America. Sukulu ya CEIBS, imene inakhazikitsidwa ku Shanghai mu 1994 mwa mgwirizano wa China ndi European Union, inatsegula nthambi ku Accra m'dziko la Ghana. Ena amapitabe kutsidya kwa nyanja. Bambo Hakainde Hichilema, amene anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko lino mu 2021, anatenga MBA yao ku Yunivesiti ya Birmingham, ndipo Bambo Tidjane Thiam a ku Côte d'Ivoire, amene anatsogolera kampani ya Prudential kuyambira 2009 ndi banki ya Credit Suisse kuyambira 2015 mpaka 2020, anaphunzira ku INSEAD.

Dandaulo limene limamveka kawiri-kawiri n'lakuti nkhani zambiri zophunzitsira zikali za makampani a ku America ndi ku Ulaya. Manijala wa m'dziko lozunguliridwa ndi maiko asanu ndi atatu, lopanda doko, amalimbana ndi magalimoto a katundu oima masiku pa Kasumbalesa, magetsi ozima pamene madzi acepa ku Kariba monga mu 2024, ndi kwacha yosintha mtengo pakati pa tsiku loitanitsa katundu ndi tsiku lolipira. Mavuto otere sapezeka kawiri-kawiri m'nkhani zolembedwa ku Boston. Masukulu a mu Africa ayamba kulemba nkhani zao-zao, koma nchitoyi imafuna ndalama ndiponso makampani olola kutsegula mabuku ao kwa alendo, ndipo ambiri salola.

Kuculuka kwa ofuna digiriyi kwabweretsanso ogulitsa mapepala opanda pake, maka-maka pa intaneti. Pa dziko lonse pali mabungwe atatu odziwika oyesa masukulu a bizinesi: AACSB ya ku America, imene inayamba mu 1916, AMBA ya ku Britain ya mu 1967, ndi EQUIS ya ku Ulaya ya mu 1997. Masukulu ovomerezedwa ndi onse atatu ndi ocepa, ndipo maina ao amalembedwa poyera pa masamba a mabungwewo. M'dziko lino, bungwe la Higher Education Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013, ndilo limalembetsa mayunivesiti amene si a boma, ndipo digiri yotengedwa kunja imapita ku Zambia Qualifications Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, kuti itsimikiziridwe ndi kuikidwa pa mlingo wake.